Dzanja la a Pezani

Mbiri imene idamveka mumsewu wonse, kuyambira kwa wometa mpaka kwa wowotcherera zitsulo, inali yakuti Anamichira adatenga dzanja la amuna awo nkulitsekera m'kompyuta kuti likhale chizimba cha bizinesi. Umboni, ankatero anthu, sunali wochita kuufuna ndi nyali. Dzanja lamanja la mkuluyo lidayamba kunjenjemera, moti supuni ikanyamuka m'mbale inkafika kukamwa ilibe kanthu. Koma masana, dzuwa likuswa mtengo, makina a mkazi wawo ankalavula mapepala olembedwa ndi dzanja lomwelo, mwini wake ali khale pakhonde kunyumba, akuyang'anizana ndi ntchentche.

Nkhaniyi ndi yokoma, moti kuiwononga kukuchititsa chisoni. Koma chimene chidachitika ndi ichi.

Anamichira ndi mayi wamfupi wokhala ndi magalasi awiri, ena a pamphuno, ena a pamutu amene amakhala akuwafunafuna tsiku lonse. Ntchito yawo ndi yotaipa ndi kuyala masamba a mabuku, mayeso, makhadi aukwati ndi mapulogalamu a maliro, m'kachipinda kopanikizika pakati pa telala ndi sitolo ya utoto. M'menemo muli tebulo, kompyuta, makina osindikizira amene amayamba atsokomola asanagwire ntchito, ndi benchi la makasitomala limene mwendo wake umodzi ndi mulu wa mapepala olakwika. Dzina lakuti Anamichira adalipeza chifukwa cha funso lawo. Munthu akalowa, ngakhale misozi ili mbwembwembwe kuti wataya atate ake, mayiwa amayamba apepesa bwinobwino, kenako nkufunsa kuti, "Nanga zilembo, tiike za michira kapena zopanda michira?" Paja zilembo zosindikiza zili ndi mitundu yake, imene a ntchitoyi amati mafonti. Zina zili ndi timichira kumapeto, zina ndi zometa mpala, zina zonenepa, zina zoonda ngati zadwala chaka chonse. Wofedwa uja amangoti kukamwa yasa, nkusankha michira kuti zithe.

Mukafuna kudana nawo, nenani kuti chilembo ndi chilembo basi. Mkwati wina adabwera atadzisankhira yekha mitundu yambirimbiri pa khadi limodzi, dzina lake zopiringizika, dzina la mkazi zonenepa, tsiku zopendekera. Anamichira adalitembenuza khadilo uku ndi uku, nati, "Achimwene, ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Ukwati woyamba ndi mitala ya zilembo sufika patali." Mkwatiyo adatuluka ndi mtundu umodzi, ndipo mpaka lero ali ndi mkazi mmodzi.

Lamulo lawo lalikulu, limene lidawabweretsera mavuto onsewa, ndi lakuti tsamba losapsa salionetsa munthu. Kaya ndinu mwini wake wa ntchitoyo, mukasuzumira amatembenuza sikirini nkunena mawu amodzi okha, "Sizinapse." Kufotokoza safotokoza.

Ntchitoyi adaiyambira pa makina a taipi, ali mtsikana, mu ofesi ya sukulu ina. Kumeneko kunali mphunzitsi wa masamu amene ana ankamutcha Pezani, chifukwa phunziro lililonse, kaya layambira pa malalanje kaya pa sitima, linkathera pa mawu akuti "Pezani x." Makina a taipi aja analibe zizindikiro za masamu, choncho mtsikanayo ankataipa mawu okha nkusiya mipata, mphunzitsi nkudzadzaza mipatayo ndi cholembera. Ankakhala moyandikana mitu, wina akuti mipata yachepa, wina akuti si mipata yachepa koma zilembo zanu zadya kwambiri. Adakangana za mipata mpaka anthu adatopa nawo nkuwakwatitsa. Ana adabadwa, adakula, adabalalika, mkangano uli pomwepo.

Kalembedwe ka a Pezani theka la msewu linkakadziwa, chifukwa theka la msewu lidadutsa m'kalasi mwawo, ndipo ambiri adatulukira pawindo. X wawo sanali wopingasa. Anali timauta tiwiri tofulatirana, ngati mwamuna ndi mkazi amene ayambana nkugona bedi limodzi. Ndiye panali 7 womanga lamba m'chiuno, 2 wa mimba, ndi y wa mchira wautali wosesa pansi. Anthu a ndevu zawo akaona 7 ameneyo m'maloto amadzuka thukuta lili kamukamu.

Asanapume ntchito, dzanja likadali lawo, a Pezani adalemba buku la masamu, mapepala odzaza katoni ya sopo. Kunjenjemera kutayamba, Anamichira adanyamula katoniyo nkuyamba kutaipa. Pulogalamu ya kompyuta imene amayalira masamu si ija yoti ukadina chilembo nkuoneka pomwepo. Umailembera malamulo ngati wantchito wogontha, ndipo pamwamba penipeni pa fayilo umalamula zinthu ziwiri, mawu avale zilembo zakuti, masamu avale zakuti. Ziwirizi ziyenera kuyenerana ngati malaya ndi thalauza. Adasankha zooneka bwino zimene mabuku ambiri a masamu amavala, tsamba litapsa nkupita nalo kunyumba.

A Pezani adaligwira ndi dzanja lamanzere, naliyang'ana ngati kalata ya kupolisi.

"Uyu ndani?"

"Ndi x, bambo. Mwamufunafuna moyo wanu wonse, lero mwamupeza simukumudziwanso?"

"X wanga sapingasa miyendo ngati sizasi."

Mawa lake Anamichira adabwera ndi mtundu wina. A Pezani adati uyu waonda, ana amumvera chisoni m'malo momupeza. Ataona wina adati waima ngati msilikali. Ataona winanso adati 7 wake ali maliseche, lamba alibe. Anamichira adayesa za michira, zometa, zopendekera, zoongoka, mpaka zina zimene iwo eni ankachita nazo manyazi. Tsiku lina mkuluyo sadatukwane chilembo chilichonse. Adangobweza tsambalo nati, "Buku ili si langa, mayi. Ndi la makina. Bwezerani mapepala m'katoni, mbewa zimalize."

Kuyambira pamenepo adasiya kumeta ndevu, adasiya kukonza masamu a wowerenga nkhani pa wailesi, ndipo choopsa kwambiri, adasiya kukangana. Tiyi akazizira ankamwa. Akatentha ankamwa. Anamichira adayesa kuwaputa, tsiku lina nkunena dala kuti theka ndi theka ndi ziwiri, koma a Pezani adangoti, "Chabwino." Banja limene lakula ndi mkangano, chete ndi matenda.

Ndipo mayiwa adaganiza zimene munthu wa ntchito ina sakadaganiza. Ngati x wa m'makina wakanidwa, x wa m'katoni alowe m'makina. Pakati pa makhadi aukwati ndi mapulogalamu a maliro, adayamba kujambula mapepala akale aja, nkumasankha mwa ma x ochuluka ngati nyerere amene adalembedwa tsiku limene mwini wake adadzuka bwino. Akampeza ankamukulitsa pa sikirini mpaka adzaze ngati ng'ombe, nkumatsata m'mphepete mwake kadontho ndi kadontho. Adatero ndi y, adatero ndi manambala onse, ndi chizindikiro cha sikweya ruti chija chofunditsa manambala denga, chimene a Pezani ankachilemba ngati khonde lofuna kugwa.

Kujambula kunali kuyamba chabe. Zilembo za mkuluyo zitaima m'tsamba zidatuluka zonenepa ngati choko, mawu oyandikana nazo nkumaoneka ngati mkazi woonda pambali pa mwamuna wodya yekha. Anamichira adasintha zilembo za mawu, nkusankha zamphamvu pang'ono, za timichira tatifupi. Kenako x adatalika kuposa anzake a mumzere, ndiye adamufupikitsa pang'onopang'ono mpaka mapewa adalingana. Timanambala tija tokwera paphewa pa x, tikachepetsedwa mimba zake zinkadzaza inki, 2 nkusanduka nsabwe, choncho adatijambulanso patokha, mimba zili zotseguka. Mchira wa y unkaponda mzere wapansi. Ndipo 4, ngakhale amuchite bwanji, ankatsimphina.

Tsono Anamichira ali ndi kayesedwe kawo ka tsamba. Amalimata pakhoma ndi selotepi, nkuyamba kuyenda chammbuyo akuliyang'ana, kuti aone ngati pali chilembo chimene chikukuwa kuposa anzake. Kachipindako nkakang'ono, ndiye chammbuyo chawo chimakathera panja, pakhonde la telala. Akamatero amalankhula ndi zilembozo, ndipo izi pokhala za amuna awo, ankazipatsa ulemu wake.

"Bambo, khalani bwino, mukuponda mnzanu. Bwezani mimbayo. Iii, bambo, ndakuchepetsani dzulo lomweli, mwatupanso?"

Telala adaimitsa makina ake. Iyeyu ndi mmodzi wa aja adatulukira pawindo, ndipo masamu amene adatsala nawo ndi a tepi yoyezera basi. Adasuzumira pakhomo kuti aone bambo amene akuchepetsedwayo. Munalibe munthu. Munali tsamba pakhoma, lotentha kuchokera m'makina, ndipo pakati pake pataima 7 womanga lamba, yemwe uja adamuthamangitsa sukulu.

"Mayi, aphunzitsi abwera?"

"Ali kunyumba."

"Nanga walemba apa ndani?"

Anamichira adamatula tsambalo, natembenuza sikirini. "Sizinapse."

Akadangofotokoza, nkhani ikadafera pomwepo. Koma telala adabwerera ku makina ake ndi mawu amodzi amenewo, ndipo telala ndi munthu wodziwa kulumikiza tizidutswa. Pofika madzulo wometa anali atamva kuti aphunzitsi amachepetsedwa m'kompyuta. Wowotcherera adamva kuti amatupa. Wogulitsa utoto, amene sakonda kutsalira, adati iye adamvapo makinawo akutsokomola chifuwa chenicheni cha aphunzitsi.

Mbiri idakwera basi nkukafika kwa alongo awo a a Pezani, mayi wamkulu thupi ndi mawu omwe, amene kuyambira tsiku la ukwati ankati mlongo wawo adakwatira makina a taipi. Adafika m'mawa Anamichira atapita kale kuntchito, napeza mkuluyo pakhonde, ndevu zili nyankhalala. Sadafunse zambiri. Adalonga malaya, mankhwala ndi nsapato za kutchalitchi m'chikwama, nati, "Achimwene, tiyeni kwathu, muno akumalizani." A Pezani sadakane. Adati khonde ndi khonde, kulikonse ntchentche zilipo.

Koma alongowo sadafune kunyamula munthu wopereweza ziwalo. Popita kokwerera basi adakhotera kaye ku kachipinda kaja kuti dzanja litulutsidwe. Wometa adasiya munthu mutu uli theka. Telala adabwera tepi ili m'khosi. Anamichira atakweza maso adaona khomo ladzaza alamu awo, kumbuyo kwawo kuli amuna awo atagwira chikwama ndi dzanja lamanzere, atavala jekete la maulendo.

"Alamu, takulandirani. Khalani pa benchipo, koma cha uku, mwendo uwo ndi wa mapepala."

"Sindinabwere kudzakhala. Tulutsani dzanja la mlongo wanga, tikufuna tikwere basi."

"Bambo, mukupita kuti?"

"Akuti kwawo," adatero a Pezani, maso ali pa nsapato.

"Inu mwavomera?"

"Nanga kuno ndikugwira ntchito yanji?"

Anamichira adafuna magalasi a pamutu, nawapeza pamutu pomwepo. Tsambalo linali lisanapse. 4 anali akutsimphinabe, ndipo denga lija linali lisanakhale bwino pamwamba pa manambala ataliatali. Chiyambire ntchito anali asanaonetsepo munthu tsamba lotero, ngakhale mkulu wa sukulu, ngakhale m'busa. Adayang'ana sikirini, nayang'ana chikwama chija. Kenako adadina batani.

Makina adatsokomola. Wogulitsa utoto adagwira telala pamkono. Tsamba lidatuluka pang'onopang'ono, ndipo Anamichira adalidutsitsa pansi pa mkono wa alamu awo nkuwapatsa amuna awo.

A Pezani adaika chikwama pansi. Adayang'ana tsambalo nthawi yaitali, mpaka anthu akumbuyo adayamba kufunsana ngati akomoka choimirira. Mawu anali a makina, oyera, a timichira tatifupi. Koma m'mipata monse munali timauta tiwiri tofulatirana, 2 wa mimba, y akusesa pansi osaponda mnzake. Dzanja lamanja lidakwera lokha, likunjenjemera choncho, chala nkukaima pa mzere wina.

"4 uyu akutsimphina."

"Ndikudziwa. Ndi wanu."

"Wanga satsimphina chonchi."

"Ndafufuza katoni yonse, bambo. Ameneyo ndiye woyenda bwino mwa onse."

"Mwamva!" adakuwa alamu aja, akutembenukira khamu. "Avomera okha! Chotsani msanga, ine ndikuona!"

"Kuchotsa sikuvuta, alamu." Anamichira adakwera pamwamba pa fayilo, pa mzere uja wolamula zovala za masamu, nafufuta dzina limodzi nkulembapo lina. Makina adatsokomolanso. Tsamba lomwelo lidatuluka, mawu omwewo, koma m'mipata mutabwerera x wa sizasi ndi 7 wamaliseche.

"Basi, latuluka," adatero mayiwa.

"Achimwene, tambasulani dzanja tione ngati labwerera."

A Pezani adatambasula. Msewu wonse udasuzumira. Dzanja linkanjenjemera monga mwa masiku onse, mwinanso kuposa, chifukwa mwini wake tsopano anali atakwiya. Sankayang'ana dzanjalo. Ankayang'ana masamba awiri aja, lina uku lina uku.

"Wakuuzani ndani kuti mundichotse?"

"Alongo anu."

"Buku ndi la alongo anga? Awa adalephera tebulo la 2, lero akulamula masamu? Bwezerani dzanja langa m'makinamo!"

"Achimwene!"

"Bwezerani, mayi, pompano. Ndipo mpata uwu pakati pa x ndi mnzakeyu wachepa."

"Mpata sunachepe. Zilembo zanu zadya kwambiri."

"Wachepa!"

"Khalani pansi muone bwino, ndevu zikukutchingani."

A Pezani adakankha chikwama pansi pa benchi ndi phazi, nakhala cha kumwendo wa mapepala, benchi nkupendekeka, iwo osasamala. Alongo awo adaima pakhomo akudikira kuti wina awakumbukire. Atatopa adalengeza kuti mlongo wawo adadyetsedwa kale, mankhwala ake afika m'mafupa, ndipo adapita okha kokwerera basi. Wometa adakumbukira mutu uja adausiya theka.

Mudziwe kuti mbiri sidafe tsiku limenelo. Idanenepa. Anthu odzaza khonde adamva ndi makutu awo mwini dzanja akulamula kuti libwezeredwe m'makina, ndiye mungawauze chiyani?

A Pezani adameta ndevu. Masiku ano m'mawa uliwonse amatsagana ndi mkazi wawo kuntchito, nkukhala pa benchi la makasitomala, kumene amathandiza bizinesi pouza akwati kuti chiwerengero cha alendo awo sichikugwirizana ndi mipando. Tsamba likamatidwa pakhoma, amayenda chammbuyo awiri, mpaka pakhonde la telala, akukangana. Sikirini imatembenuzidwabe wina aliyense akasuzumira, kupatula a Pezani. 4 adamukonza mothandizana, wina akulozera wina akukoka timadontho, koma atawongoka bwinobwino a Pezani adati samudziwa, abwezeredwe kutsimphina kwake pang'ono. Buku lidatuluka. Amene adaphunzira kwa iwo akalitsegula amalitsekanso msanga, ndipo telala adagula limodzi nkulisunga chovundikira. Dzanja lenileni likunjenjemerabe. Adokotala ali ndi dzina lake la matendawo, lalitali, losakoma kufotokoza pometetsa, nchifukwa chake palibe amene amalitchula.

Tsiku lina mkazi wa wometa adabwera kudzataipitsa khadi, a Pezani atatuluka kukatsutsa wogulitsa utoto za kayezedwe ka malita. Atasankha michira, mayiyo adayang'ana kompyuta chammbali, natsitsa mawu.

"Koma amayi, tiuzeni zoona, ife ndi akazi okhaokha. Dzanja la aphunzitsi lilimodi m'menemu?"

Anamichira sadasiye kutaipa.

"Lilimo, ndipo silituluka. Koma mukawauze anzanuwo kuti ndikadakhala mfiti ndikadatsekeramo kamwa, dzanja nkuwasiyira."